Kashiamu akachuluka m'magazi: kodi asilikali a m'thupi ali ndi mlandu?

Chithokomiro timachidziwa. Kumapiri kwathu kuno, kuchokera ku Bembeke mpaka ku Tsangano, wamkulu aliyense anaonapo mayi wotupa pakhosi, ndipo ambiri tinamva kuti mchere wa ayodini ndiwo umateteza. Koma kuseri kwa chithokomirocho kunamatirira tiziwalo tina tinayi, tiwiri uku tiwiri uku, totchedwa parathyroid. Kamodzi kamatalika mamilimita pafupifupi 6 ndipo kamalemera mamiligalamu 30 mpaka 50. Kuchepa kumeneku n'kumene kunachititsa kuti tiziwaloti tichedwe kudziwika. Richard Owen anayamba kutiona cha m'ma 1850 m'chipembere chimene chinafera kumalo osungirako nyama ku London, ndipo mwa munthu anatilongosola ndi Ivar Sandström mu 1880, akuphunzira udokotala ku Uppsala m'dziko la Sweden.

Ntchito yake ndi imodzi basi, kulondera kashiamu wa m'magazi. Kashiamu tinamuzolowera ngati wolimbitsa mafupa ndi mano, ndipo n'zoona, 99 peresenti ali komweko. Koma wochepa wotsalayo, woyenda m'magazi, ndiye amathandiza mtima kugunda bwino, minofu kukokeka ndi mitsempha kutumiza mauthenga. Thupi limafuna akhale pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L. Akatsika, parathyroid imatulutsa homoni yotchedwa PTH. Homoniyi imakatapa kashiamu m'mafupa, imaletsa impso kumutaya mumkodzo, komanso imachititsa impso zomwezo kudzutsa vitamini D kuti matumbo ayamwe kashiamu wambiri m'chakudya. Akakwera, PTH imachepa. Zimachitika mwachangu kwambiri: PTH ikalowa m'magazi, theka lake limakhala litatha mphindi 5 zisanakwane.

Nanga tiziwaloti timadziwa bwanji kuti kashiamu wakwana? Yankho linapezeka mu 1993, pamene Edward Brown, Steven Hebert ndi anzawo ku Boston anapeza puloteni ina pamwamba pa maselo a parathyroid ya ng'ombe. Amaitchula kuti CaSR. Ili ngati lilime la mayi wolawa ndiwo: akamva kuti mchere wakolera amasiya kuthira, koma lilime likafa ndi chimfine amangothirabe, ndiwo zitawawa kale. CaSR ikamva kashiamu wokwanira imatseka PTH. Ikagontha, PTH imangotuluka. Puloteni yomweyi ilinso mu impso, kumene imalamula kuti kashiamu wopyola atayidwe mumkodzo, ndipo zimenezi zidzatithandiza kutsogoloku.

Matenda amene tikukamba pano madokotala amawatchula kuti primary hyperparathyroidism: kashiamu wakwera, koma PTH m'malo motsika ili pamwamba, kapena yangokhala pakatikati ngati palibe chachitika. Amagwira amayi kawiri kapena katatu kuposa abambo, makamaka amene anasiya kusamba. Kumayiko olemera ambiri amapezeka nawo asanamve kalikonse, chifukwa kuyambira m'ma 1970 makina a m'labotale amayeza kashiamu pamodzi ndi zina zonse munthu akangopereka magazi. Kwathu sizili choncho. Pa helefu senta amayeza malungo, shuga, kuchuluka kwa magazi ndi HIV. Kashiamu amafuna labotale yokulirapo, ndipo PTH imafuna ya mumzinda.

Tiyerekeze mayi wa zaka 58 wogulitsa kachewere pa Lizulu, tiwatchule kuti anaPhiri. Pabenchi pawo sipachoka botolo la madzi. Usiku akudzuka kangapo kukataya madzi, m'mimba mwauma, msana ndi miyendo zikuphwanya, ndipo ayamba kuiwala amene anatenga katundu pangongole. Apita kuchipatala.

"Amayi, shuga mulibe. BP ndiye yakwerako pang'ono."

"Nanga ludzuli likuchokera kuti, adokotala?"

M'buku lawo la kuchipatala mulembedwa panado ndi mankhwala a BP. Ana awo akuti ndi ukalamba, anzawo a pamsika akuti ndi maganizo. Patapita chaka aterereka potsikira kudimba, kugwa kosati n'kuthyola munthu, koma mkono wathyoka. Kapena tsiku lina agwidwa ndi ululu woopsa m'nthiti mwa kumsana, mkodzo uli ndi magazi, sikani n'kuonetsa mwala mu impso. Chizindikiro chilichonse pachokha chili ndi chochinamizira. Zikaikidwa pamodzi, ludzu, kukodzakodza, kudzimbidwa, mafupa ofooka, miyala ndi mutu wosagwira, zikuloza kashiamu.

Tisasokoneze ndi zinthu zina ziwiri. PTH imathanso kukwera tiziwaloti tili bwinobwino, tikungolimbana ndi kuperewera kwa kashiamu kapena vitamini D, kapena impso zikafooka. Nsima ya ufa woyera ilibe kashiamu wokwanira. Amene amatipulumutsa ndi usipa, matemba ndi bonya zodyera kumodzi ndi minga yomwe, ndiponso masamba monga bonongwe. Pamenepo kashiamu wa m'magazi amakhala wotsika kapena wabwinobwino. Chachiwiri, kashiamu amatha kukwera PTH ili pansi, monga pa khansa ya m'mawere yofalikira m'mafupa, pa myeloma (khansa yoyambira m'kati mwa mafupa), ndi mwa odwala TB ena. Pa TB ndi maselo a chitetezo ozinga tizilombo aja amene amadzutsa vitamini D popanda wowaletsa. Dokotala wa ku Dedza angakumane ndi zoterezi nthawi zambiri asanaone n'kamodzi komwe zimene ndikufuna kufotokozazi.

Mwa odwala 80 mpaka 85 pa 100 alionse a primary hyperparathyroidism, vuto limakhala kachiwalo kamodzi kokha kamene kasanduka chotupa chosakhala khansa, adenoma. Mwa 10 mpaka 15, tiziwalo tingapo kapena tonse timakula. Khansa sifika ndi mmodzi yemwe pa 100. Zoyambitsa zina zimadziwika: kutengera kumtundu, monga matenda a MEN1 amene jini yake inapezeka mu 1997, kuwotchedwa ndi radiation pakhosi kalekale, kumwa lithium (mankhwala a matenda a maganizo) zaka zambiri. Koma kwa odwala ambiri palibe chimene dokotala angaloze. Mpata umenewu ndiwo unachititsa ofufuza kuyang'ana kwa asilikali a m'thupi.

Ife tikamva za chitetezo cha m'thupi timaganiza za kutsika kwake, poti HIV inatiphunzitsa choncho. Kulinso vuto lina losiyana nalo, pamene chitetezo chili ndi mphamvu zake zonse koma chalakwitsa mdani n'kutembenukira mwini wake. Shuga wa ana, nyamakazi yotupitsa mfundo za zala ndi lupus zili m'gulu limeneli. Zida zake zina ndi ma antibody, mapuloteni opangidwa kuti amatirire pa tizilombo, koma apa amamatirira pa ziwalo za munthu yemweyo.

Kukayikira parathyroid sikunali kwa chibwana, chifukwa mnansi wake anali atapezeka kale ndi mlandu womwewo. Mu 1956 Adams ndi Purves ku New Zealand anapeza chinthu m'magazi a odwala matenda a Graves chimene chinkafulumiza chithokomiro, ndipo pambuyo pake chinadziwika kuti ndi antibody. Wodwala Graves amaonda akudya, mtima umathamanga, maso amatong'oka, zonsezo chifukwa antibody yamatirira pamalo olandirira malamulo n'kumalamula yokha. Ngati zimatheka pa chithokomiro, zingalephere bwanji pa tiziwalo tomatirira kumsana kwake? Komanso zinali zodziwika kuti chitetezo chimatha kuwononga parathyroid mpaka kusiya kugwira ntchito. Blizzard ndi anzake analemba za ma antibody otere mu 1966, ndipo mu 1996 zinaoneka kuti ena mwa iwo amalunjika pa CaSR penipeni.

Pa parathyroid zimayenda chagada poyerekeza ndi Graves. Antibody yotakasa CaSR imanamiza kachiwaloko kuti kashiamu wachuluka, PTH n'kutsika, munthu n'kumamva dzanzi m'milomo ndi kukokana kwa zala. Kuti PTH ikwere pamafunika antibody yotseka CaSR, yoigonthetsa. Kwa zaka zingapo zimenezi zinali zongoganizira.

Umboni unabwera mu 2003. Olga Kifor, pamodzi ndi Edward Brown yemwe uja, anafotokoza za odwala anayi ochokera m'mabanja awiri. Onse anali ndi kashiamu wokwera m'magazi (atatu mwa iwo analinso ndi wochepa mumkodzo), PTH yosatsika, komanso zizindikiro zina za chitetezo cholimbana ndi mwini, monga ma antibody a chithokomiro ndi a matenda a coeliac, otupitsa matumbo munthu akadya za tirigu. Jini ya CaSR anaipeza yabwinobwino. Atatenga madzi a m'magazi awo n'kuwathira pa maselo a parathyroid m'labotale, maselowo anatulutsa PTH yambiri kuposa mmene anayenera. Choyambitsa chinali choyenda m'magazi.

Chaka chotsatira, 2004, magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa nkhani ya mayi wa zaka 66 yolembedwa ndi Pallais ndi anzake, ku Boston komweko. Mayiyu anali kale ndi matenda angapo a chitetezo, kuphatikizapo psoriasis (matenda a pakhungu) ndi nyamakazi. Kashiamu wake atakwera ndi PTH yomwe, anachitidwa opaleshoni yochotsa mbali yaikulu ya parathyroid, monga mmene aliyense akanachitira. Sizinathandize, kashiamu anakweranso. M'magazi mwake munapezeka ma antibody a mtundu wa IgG4 olimbana ndi CaSR. Akapatsidwa mankhwala a steroid, ma antibody ankachepa, PTH ndi kashiamu n'kutsika nawo; ma antibody akachuluka, zonse zinkakweranso. Kwa ine nkhani ya mayiyu ndiyo yolemera kuposa zonse, chifukwa madokotala anaona choyambitsa ndi zotsatira zake zikukwera ndi kutsika limodzi mwa munthu mmodzi. Mu 2007 Noriko Makita ndi anzake ku Tokyo anapezanso wodwala wina, amene antibody yake sinkatseka CaSR yonse koma inkapotoza uthenga wake, njira ina yotseguka ina yotsekeka. Matendawa tsopano ali ndi dzina, autoimmune hypocalciuric hypercalcaemia, ndipo amene analembedwapo padziko lonse ndi owerengeka.

Opaleshoni inalephera chifukwa vuto silinali m'kachiwalo kamodzi. Kachidutswa kotsalako kanali kogonthabe, ndipo impso nazo zinali zogontha. Paja CaSR ilinso mu impso. Munthu wa adenoma impso zake zimamva bwino, ndiye kashiamu akasefukira wambiri amatsikira mumkodzo, n'chifukwa chake miyala imapangika. Munthu wa ma antibody impso zake zimaumira kashiamu ngakhale magazi adzaze naye, mkodzo n'kukhala wopanda kanthu. Zofanana ndi zimenezi zimachitika kwa anthu obadwa ndi jini ya CaSR yofooka, matenda otchedwa FHH. Iwowa amakhala ndi kashiamu wokwererako moyo wawo wonse, ambiri osavutika naye, ndipo kuwachita opaleshoni n'kuwapweteka chabe.

Ndiye mkodzo uyenera kuyezedwa mpeni usanafike pakhosi. Kayezedwe kake n'kosavuta kufotokoza koma n'kotopetsa kuchita. Amakupatsani chigubu. Mkodzo woyamba wa m'mawa, titi 6 koloko, mumataya. Kuyambira pamenepo dontho lililonse limalowa m'chigubumo, usana wonse ndi usiku wonse, mpaka 6 koloko mawa lake, wotsirizawo n'kuthira momwemo. Kwa munthu wotandala pamsika kapena kumunda ndiye kuti kuyenda ndi chigubu m'chikwama, ndipo manyazi amachititsa ena kudumpha kamodzi kapena kawiri osanena. Kudumphako kumatsitsa chiwerengero, n'chifukwa chake labotale imayezanso creatinine (zinyalala zimene impso zimasefa) mumkodzo ndi m'magazi n'kuwerengera zonse pamodzi. Zotsatira zikakhala pansi pa 0.01, dokotala amaganizira FHH kapena ma antibody aja. Zikaposa 0.02, maganizo amapita ku adenoma. Pakati pamenepo pamavuta, ndipo odwala ambiri ndithu amagwera pomwepo.

Pali msampha wina umene ukutikhudza kwambiri kuno. Hydrochlorothiazide, kapilisi kakang'ono kamene anthu ambiri a BP amalandira m'zipatala zathu, kamachepetsa kashiamu wa mumkodzo n'kumukweza pang'ono m'magazi. AnaPhiri aja atapatsidwa kameneka, mkodzo wawo ungaoneke ngati wa munthu wa FHH pomwe ali ndi adenoma yofunika kuchotsa. Kuperewera kwa vitamini D, kudya zopanda kashiamu ndi impso zofooka nazo zimatsitsa chiwerengerochi. Dokotala amayamba wasintha mankhwala a BP kwa kanthawi n'kuyezanso. Wosintha ndi dokotala, osati wodwala kungosiya yekha. Ndipo buku lakale la kuchipatala lisatayidwe: ngati linalembedwapo kashiamu wabwinobwino zaka zapitazo, ndiye kuti munthuyo sanabadwe nazo. Kuyeza abale ake, makolo, ana ndi alongo, kumathandizanso, poti FHH imayenda m'banja.

Funso lalikulu latsala. Anthu owerengeka aja tavomereza, nanga unyinji wa odwala adenoma, chitetezo chili ndi dzanja pa iwonso? Pali zinthu zingapo zimene amene amakhulupirira zimenezi amaloza. Nthawi zina chotupa chikachotsedwa n'kuikidwa pa maikulosikopu, mumapezeka maselo a chitetezo, ma lymphocyte, ataunjikana mkati. Mu 1982 Boyce ndi anzake analemba za wodwala wa parathyroid zokula zodzaza maselo otere, ndipo mutu wa nkhani yawo unali funso, ngati amenewa ndi matenda atsopano a chitetezo. Ofufuza ena anapeza ma antibody a CaSR mwa odwala adenoma ochepa. Matenda a Hashimoto, amene chitetezo chimadya chithokomiro pang'onopang'ono, amapezeka kawirikawiri mwa anthu omwewa. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2012 wotsogoleredwa ndi Jonas Ludvigsson anaonetsa kuti odwala coeliac, amene matumbo awo amatupa akadya za tirigu, amapezeka ndi primary hyperparathyroidism pafupifupi kawiri kuposa anthu ena.

Ine sizinditenga mtima kwenikweni. Maselo a chitetezo amathamangira paliponse pamene pali chachilendo. Kuwapeza m'chotupa sikusonyeza kuti anachiyambitsa, mwina anabwera chitamera kale. Hashimoto ndi adenoma onse amakonda amayi achikulire, ndipo munthu amene akuyezedwa magazi ndi kuunikidwa pakhosi kawirikawiri chifukwa cha matenda amodzi, enawo sachedwa kuonekera. Pa coeliac pali njira ina yosadzera pa ma antibody olimbana ndi parathyroid: matumbo otupa sayamwa bwino kashiamu ndi vitamini D, parathyroid imakakamizika kugwira ntchito zaka ndi zaka, ndipo n'kutheka kuti kamodzi kamafika posamvanso lamulo. Pamenepo chitetezo chili ndi mlandu ndithu, koma chinalakwira matumbo.

Ndipo pali mfundo ziwiri zovuta kuzilumpha. Antibody imayenda m'magazi, imafika pa tiziwalo tonse tinayi mofanana. Pa Graves chithokomiro chonse chimakula. Nanga bwanji pa odwala 8 mwa 10 kamodzi kokha ndiko kamatupa, tinato n'kukhala tabwinobwino, mwinanso tofota? Andrew Arnold anaonetsa mu 1988 kuti m'zotupa zambiri zotere maselo onse anachokera ku selo limodzi limene majini ake anasokonekera n'kuyamba kuswana. Mfundo yachiwiri ndi mpeni womwewo. Felix Mandl anachotsa chotupa cha parathyroid koyamba mu 1925 ku Vienna, kwa Albert Jahne, kondakitala wa tram amene mafupa ake anali atafooka mpaka kulephera kuyenda, ndipo kashiamu wake anatsika m'masiku ochepa. Masiku ano, dokotala wozolowera ntchitoyi akachita opaleshoni, odwala oposa 95 pa 100 amachira. Kumene kuli zipangizo amayeza PTH wodwala ali chigonere patebulo, ndipo ikatsika kupyola theka patangopita mphindi 10 chotupa chitachoka, amadziwa kuti agwira chenicheni. Ma antibody akanakhala ndiwo gwero, opaleshoni ikanawasiya m'magazi momwemo ndipo matenda akanabwerera, monga anachitira kwa mayi wa ku Boston.

Choncho wodwala wa ku Mayani kapena ku Kasinje amene wapezeka ndi kashiamu wokwera, PTH yokwera, mkodzo wodzaza kashiamu ndi mwala mu impso, njira yake ndi ya kwa madokotala a opaleshoni ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central, ndipo nkhani ya ma antibody isamuchedwetse. Amene ayenera kuimitsa dokotala kuti aganize kawiri ndi wina: kashiamu anali bwino kale, wakwera ukulu uno, mkodzo ulibe kashiamu ngakhale mankhwala a BP asinthidwa, m'banja mulibe wina wotero, ndipo munthuyo ali kale ndi matenda ena a chitetezo. Kapena amene anachitidwa opaleshoni, tiziwalo n'kupezeka tosatupa, kashiamu osatsika. Kuyeza ma antibody a CaSR kumachitika m'malabotale ochepa a kafukufuku kunja, kotero nthawi zambiri dokotala amagamula poona mbiri yonse ya wodwala.

Ndikudziwa mmene nkhani zotere zimayendera zikafika pa WhatsApp: wina awerenga kuti steroid anachiritsa mayi wa kashiamu, mawa lake ali pagolosale kufunsa prednisolone. Timapilisi timeneti anthu akumwa kale mwachisawawa pofuna kuziziritsa mawondo ndi msana. Kwa munthu wa adenoma prednisolone satsitsa PTH, ndipo amadya mafupa amene PTH yawadya kale, kuwonjezera pa kukweza shuga ndi BP ndi kudzutsa TB yogona. Ngakhale kwa odwala ma antibody enieni sagwira kwa onse. Mu 2011 Pallais yemwe uja analemba za wodwala wina wa ma antibody otseka CaSR amene steroid sanamuthandize.

Mankhwala ena amene ayesedwa ndi cinacalcet, amene anavomerezedwa ku America mu 2004 ndipo amagwiritsidwa ntchito kwambiri kwa odwala impso a pa dialysis. Iwowa amamatirira pa CaSR n'kuichititsa kumva kashiamu msanga. Mu 2019 Makita ndi anzake anaonetsa kuti amawongola uthenga wopotozedwa ndi antibody uja, ndipo kashiamu wa wodwala anatsika. Ma antibody eni akewo sawachotsa. Wowamwa amayenera kuyezedwa magazi pafupipafupi, chifukwa mlingo ukapyola kashiamu amatsika kwambiri, dzanzi ndi kukokana n'kuyamba.